KUMANGA MFUNDO: ZIFUKWA NDI CIGAMULO

Nkhani ya lero ndi ya cida cimene munthu aliyense amabwera naco ku msonkhano, ngakhale ambiri sanacinolepo. Cidaco ndi mfundo. Anthu a m'midzi amakambirana tsiku ndi tsiku, pa bwalo la mfumu, pa msonkhano wa koperetivu, ku cigayo ndi pa citsime, ndipo m'kukambirana kumeneko mumatuluka zinthu zolemera. Wina alipitsidwa mbuzi, wina acotsedwa pa udindo wa msungicuma, sukulu imangidwa tsidya lino kapena tsidya lija. Nkofunika tsono kuti anthu adziwe kusiyanitsa mau amene ali ndi mphamvu yeniyeni ndi mau amene angokoma m'khutu.

Liu lakuti mfundo liri ndi matanthauzo awiri m'Cinyanja, ndipo awiriwo ndi apacibale. Pali mfundo ija imamangidwa pa luzi pofuna kulumikiza nsonga ziwiri, palinso mfundo ija munthu amapereka pokamba. Akatswiri a maphunziro a kaganizidwe kolongosoka, amene pa Cingerezi amati logic, akamanena za mfundo amatanthauza mau a mbali ziwiri zomangidwa pamodzi. Mbali yoyamba ndi zifukwa, amene ali mau oikidwa pansi ngati maziko. Mbali yaciwiri ndi cigamulo, cimene ciri cinthu cija wokamba afuna kuti omvera acivomere pokhulupirira mazikowo. Pakati pa ziwirizi pamakhala kaliu kakang'ono, "cotero" kapena "motero", ndipo kaliu kameneka ndiko kasenza katundu yense.

Mlimi wina ataimirira pa msonkhano nanena kuti, "Feteleza sadzafika sabata ino," sanamange mfundo ai. Iye wangonena cinthu cimene cingakhale coona kapena cabodza. Akabwereza mauwo kasanu, kapena akawanena mokweza namenya ndodo pansi, mauwo akhalabe monga analiri poyamba. Koma akati, "Mlatho wa pa mtsinje wakokoloka, ndipo mseu wocokera ku depoti ndi umodzi wokha wodutsa pa mlathowo, cotero lole ya feteleza sidzafika sabata ino," pamenepo wamanga mfundo. Wapatsa anzace cinthu coti acigwire ndi kuciyesa. Wina angapite kukaona mlatho, wina angakumbutse msonkhano za mseu wakale wozungulira ku phiri. Nthawi zina cigamulo cimatsogola ndipo zifukwa zimabwera pambuyo pa liu lakuti "pakuti" kapena "popeza", koma mfundoyo ndi yomweyo.

Mfundo isasokonezedwe ndi mkangano. Anthu awiri angakangane kucokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa popanda mmodzi wa iwo kupereka cifukwa, ndipo munthu angamange mfundo ali yekha m'munda mwace, akuganiza za tsiku lobzala. Womvera acenjerenso ndi liu lakuti "cifukwa", pakuti limagwira nchito ziwiri. Mai akati mwana akulira cifukwa ca njala, palibe amene akukaika zakuti mwanayo akulira. Maiyo akungofotokoza gwero la cinthu cimene onse acimva kale. Mfundo imafunika pamene cinthu cikali cokaikitsa ndipo wokamba afuna kutsimikizira anzace kuti ndi coona.

Anthu a mitundu yonse akhala akupereka zifukwa pa milandu yao kuyambira makedzana, koma amene anayamba kulemba malamulo a mfundo mwadongosolo ku Ulaya anali Agiriki, ndipo cimene cinawakakamiza cimamveka. Mumzinda wa Athens munthu woimbidwa mlandu ankadzinenera yekha pamaso pa oweruza mazana angapo, osankhidwa mwa maere pakati pa nzika wamba. Nthawi yace yolankhula inkayesedwa ndi mtsuko wa madzi wobooka pansi, ndipo madziwo akatha iyenso ankakhala pansi. Socrates, pa mlandu wace wa mu 399 Kristu asanabadwe, anaweruzidwa kuti afe ndi bwalo la anthu pafupifupi 500. M'dziko lotero cuma ca munthu, ngakhale moyo wace, zinkadalira lilime. Cifukwa cace kunabuka aphunzitsi olipidwa amene ankaphunzitsa anyamata a mabanja olemera njira zopambanira mtsutso, ndipo ena mwa iwo sankasamala ngati cimene akuteteza ciri coona.

Aristotle, amene anabadwira ku Stagira mu 384 namwalira mu 322 Kristu asanabadwe, anaphunzira pa sukulu ya Plato ku Athens zaka pafupifupi 20, ndipo mu 335 anatsegula sukulu yace ya Lyceum. Funso lace linali lakuti: kodi mfundo yabwino imadziwika ndi ciani, pambali pa kukoma kwa mau a wokamba? M'buku lace la Prior Analytics iye anaphunzitsa kuti mfundo yomangika bwino ndi ija yakuti munthu akavomera zifukwa zace sangathenso kukana cigamulo cace popanda kudzitsutsa yekha. Mabuku ace a nkhaniyi anadzasonkhanitsidwa pambuyo pace napatsidwa dzina lakuti Organon, kutanthauza cida. Anamasuliridwa m'Ciarabu ku Baghdad, akatswiri monga al-Farabi ndi Ibn Sina anawaphunzira ndi kuwaonjezera, ndipo m'masukulu akuluakulu a ku Ulaya anaphunzitsidwa zaka mazana ambiri.

Citsanzo cimene mabuku a sukulu amakonda ndi ici: anthu onse amafa, Socrates ndi munthu, cotero Socrates adzafa. Palibe codabwitsa m'mau amenewa, ndipo wina angafunse kuti munthu wanzeru anatayiranji nthawi pa zinthu zodziwika kale. Koma cimene Aristotle anaona ndi cakuti mphamvu ya mfundo yotere siiri mwa Socrates, siirinso mu imfa. Iri m'kaumbidwe kace. Iye anacotsa maina naikapo zilembo: ngati A yense ndi B, ndipo B yense ndi C, ndiye kuti A yense ndi C. Pa malo a zilembozo munthu angaikepo ciriconse, nkhuku, mitengo kapena mafumu, ndipo cigamulo cidzatsatabe zifukwa zace monga ngolo itsata ng'ombe. Nzeru yomweyi yolemba mfundo ndi zizindikiro inadzapititsidwa patsogolo ndi George Boole mu 1854 ndi Gottlob Frege mu 1879, ndipo makompyuta amagwira nchito pa maziko amenewo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya lero. Pa mfundo iriyonse pali mafunso awiri osiyana, ndipo anthu ambiri amasocera cifukwa cofunsa limodzi lokha. Loyamba ndi lakuti, kodi zifukwazi ndi zoona? Laciwiri ndi lakuti, ngakhale zitakhala zoona, kodi zikusenzadi cigamuloci? Nkhokwe imagwa m'njira ziwiri. Ingagwe cifukwa mitengo yoikhalira yadyedwa ndi ciswe, ngakhale inaimikidwa pa malo ace. Ingagwenso cifukwa mitengoyo, ngakhale ndi yolimba, yaimikidwa pambali ndipo nkhokwe yakhala pa mphepo. Womanga wanzeru amagogoda mtengo kuti amve ngati uli wamoyo, kenaka amayang'ana pamene waima.

Munthu atati, "Nyama zonse zokhala m'madzi ndi nsomba, mvuu imakhala m'madzi, cotero mvuu ndi nsomba," kaumbidwe ka mfundo yace kalibe colakwa. Cigamulo catsata zifukwa bwinobwino. Cimene cavunda ndi cifukwa coyamba, pakuti si zoona kuti ciriconse ca m'madzi ndi nsomba. Umu ndi mmene munthu woganiza molongosoka angafikire pa bodza ngati anayambira pa bodza. Wina atati, "Mbuzi zonse zimadya udzu, ng'ombe zimadya udzu, cotero ng'ombe ndi mbuzi," zifukwa zace zonse ziwiri ndi zoona ndithu, koma cigamulo sicinakhale pa izo. Mbuzi ndi ng'ombe zakumana pa dambo limodzi, ndipo kukumana kumeneko sikusandutsa ina kukhala inzace.

Pa citsanzo ca ng'ombe aliyense amaseka, pakuti bodza lace liri poyera. Koma mfundo ya kaumbidwe komweko imafika pa bwalo itavala zovala zina, ndipo pamenepo anthu saseka. Mbuzi yasowa m'khola usiku. M'mawa mwace woneneza aimirira nati, "Wakuba mbuzi amapezeka ndi nyama m'nyumba, uje dzulo usiku kwao kunali nyama, fungo lace tonse tinalimva, cotero uje ndiye wakuba." Mboni zitsimikiza kuti nyamayo inalipodi, khamu ling'ung'udza movomereza, ndipo munthu uja watsala pang'ono kulipitsidwa ndi kusenza dzina la mbala moyo wace wonse, iye ndi ana ace. Komatu mboni zija zayankha funso loyamba lokha. Mbala imapezeka ndi nyama, indedi, koma wogula nyama ku msika amapezekanso nayo, ndi amene wapatsidwa mwendo ku ukwati, ndi amene waphera mlendo nkhuku. Nduna ya pa bwalo imene yazindikira zimenezi iri ndi njira yapafupi yoonetsera khamu colakwaco. Itenge kaumbidwe komweko niikemo zinthu zina zimene onse azidziwa, monga mbuzi ndi ng'ombe zija. Ngati kaumbidweko kangabale bodza pa nkhani yodziwika, sikangadaliridwe pa nkhani yobisika.

Cinthu cimodzi ciyenera kumveka bwino pamenepa. Kugwa kwa mfundo ya woneneza sikutsimikiza kuti uje ndi wosalakwa. Mwina anabadi mbuziyo. Cimene cadziwika ndi cakuti fungo la nyama silinakwanire kumumanga, ndipo amene ali ndi cikopa ca mbuziyo, kapena amene anaona mapazi pa khola, abwere nazo. Anthu ena akagonjetsa mfundo ya mnzao amaganiza kuti atsimikiza maganizo ao, pamene angogwetsa nkhokwe ya mnzao ndipo yao sanaimange.

Patapita zaka Aristotle atamwalira, Chrysippus, amene anatsogolera sukulu ya a Stoic ku Athens namwalira ca m'ma 206 Kristu asanabadwe, anasanthula mfundo zoyamba ndi liu lakuti "ngati". Ngati mvula yagwa usiku, bwalo lanyowa; mvula yagwadi; cotero bwalo lanyowa. Iyi ndi yolimba. Ngati mvula yagwa, bwalo lanyowa. Bwalo ndi louma. Cotero mvula sinagwe. Iyinso ndi yolimba. Koma wonena kuti, "Bwalo lanyowa, cotero mvula yagwa," wayenda cambuyo pa mlatho wopita mbali imodzi, pakuti mwina mwana wataya madzi a mumtsuko. Colakwa cace ndi m'bale wace wa cija ca fungo la nyama.

Agiriki sanali okha pa nchitoyi. Ku India kunali gulu la akatswiri la Nyaya, amene buku lao lalikulu, Nyaya Sutra, linalembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo citsanzo cao cokondedwa munthu wa kumudzi angacimve msanga kuposa ca Socrates. Iwo ankaika mfundo m'masitepe asanu. Wokamba ayamba ndi cimene afuna kutsimikiza, kuti pa phiri paja pali moto. Apereka cifukwa, kuti pakufuka utsi. Achula lamulo pamodzi ndi citsanzo codziwika kwa onse, kuti paliponse pali utsi pali moto, monga m'khichini. Agwirizanitsa lamulolo ndi nkhani iripo, kuti phirilo likufuka utsi wotero. Ndipo atsiriza ndi cigamulo, kuti cotero pa phiripo pali moto. Cokoma m'njira imeneyi ndi sitepe lacitatu, limene limakakamiza wokamba kuturutsa lamulo lace poyera ndi kuloza malo amene omvera analiona likugwira nchito. Akatswiri omwewo anacenjezanso kuti lamuloli silitembenuzika. Pali utsi pali moto, koma pali moto sipakhala utsi nthawi zonse, ndipo ankapereka citsanzo ca citsulo cofiira ndi moto, cimene wosula aliyense acidziwa.

Sitepe lacitatu limeneli ndilo limasowa kawirikawiri m'misonkhano. Anthu pokamba sachula zifukwa zao zonse, amasiya zina kuti omvera adzidzazire okha, ndipo nthawi zambiri palibe coipa pamenepo. Koma cifukwa cobisika ndico cimakonda kukhala covunda. Pa cisankho ca msungicuma wa koperetivu wina angati, "Uyu anakhalitsa ku tauni, cotero adzadya ndalama." Cifukwa conenedwa ndi coona, munthuyo anakhaladi ku tauni. Koma kuti cigamulo ciime pafunika cifukwa cina cimene sicinanenedwe, cakuti onse okhala ku tauni amadya ndalama za anzao. Cikangoturutsidwa poyera, wokamba mwini amacita naco manyazi, pakuti nayenso ali ndi mwana kapena mlongo ku Lusaka kapena ku Migodi. Cimodzimodzi ndi mau akuti, "Ndi mzimai, sangayendetse komiti," kapena, "Ndi mwana wa dzulo, angadziwe ciani?" Wapampando amene afuna msonkhano wolongosoka sayenera kukalipa. Angofunsa mofatsa kuti lamulo limene wokamba waimapo ndi liti, ndipo analiona kuti.

Pali mcitidwe wina wofala wosiya mfundo ndi kugwira munthu. Mkulu wina akati denga la sukulu lidzagwa cifukwa mitanda yace yafumbwa, ena amayankha kuti asamveredwe popeza amamwa mowa. Mowa wace ndi nkhani ina, ndipo mitanda yofumbwa siilimba cifukwa woiona ndi cidakwa. Mbali inanso ndi yomweyo: ulemu wa wokamba, udindo wace kapena kuculuka kwa omuombera m'manja sizisandutsa cifukwa cabodza kukhala coona. Nzoona kuti mau a munthu wodziwa nchito yace, monga mlangizi wa zaulimi pa nkhani ya mbeu kapena namwino pa nkhani ya katemera, ayenera kulemera kuposa a munthu wongoganizira. Koma amalemera cifukwa kumbuyo kwace kuli zifukwa zimene angathe kuziturutsa atafunsidwa. Ngakhale mwambi, umene uli cuma ca cinenero, sugamula mlandu pa wokha. Wofuna kuti anthu adikire adzati kuona maso a nkhono nkudekha, wofuna kuti afulumire adzati zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo onse awiri anena mau a makolo. Cotsalabe ndi kuonetsa kuti mwambi uti ndiwo ukugwirizana ndi nkhani ya tsikulo.

Mfundo zonse zakambidwa kufikira pano ndi za mtundu wa Aristotle, zimene cigamulo cace sicingathawike ngati zifukwa ziri zoona. Koma mfundo zambiri zimene anthu amakhalira moyo ndi za mtundu wina. Mlimi amene waona zaka zambiri kuti mbeu yakutiyakuti imaca msanga pa munda wace amagamula kuti idzacanso msanga caka cino. Iye akucokera pa zimene waona kupita pa zimene sanaone. Mfundo yotere singakhale yotsimikizika kotheratu, koma ingakhale yamphamvu kapena yofooka, malinga ndi kuculuka kwa zimene zaonedwa ndi kusamala kwa wozionayo. Anthu a ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri ankaona mbalame zofanana ndi atsekwe zochedwa swan, zonse ziri zoyera, mpaka anafika pokhulupirira kuti swan wakuda kulibe. Mu 1697 woyendetsa zombo wa ku Holland, Willem de Vlamingh, anakapeza swan zakuda pa mtsinje wina kumadzulo kwa Australia. Mbalame zoyera zikwizikwi sizinathe kutseka nkhaniyo, koma zakuda zowerengeka zinaitsegula tsiku limodzi.

Msampha waukulu wa mfundo za mtundu uwu uli pa kufuna gwero la zinthu. Zinthu ziwiri zikamaonekera pamodzi, kapena cina cikatsata cinzace, mtima umathamangira kunena kuti coyamba ndico cabala caciwiri. Dzina lacizungu la malungo, malaria, linacokera ku mau a Citaliyana otanthauza mpweya woipa. Anthu anaona bwino lomwe kuti malungo amaculuka pafupi ndi madambo, ndipo madambo amanunkha, cotero anagamula kuti fungolo ndilo limadwalitsa. Zifukwa zao zinali zoona. Koma mu 1880 Alphonse Laveran anaona tizirombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Dambo linali kubala zinthu ziwiri, fungo ndi udzudzu, ndipo anthu analoza colakwika.

Msampha womwewu ndiwo wagwetsa misozi m'midzi yambiri. Agogo ena akangana ndi mpongozi wao pa nkhani ya malire a munda, ndipo patapita masiku awiri mwana wa mpongoziyo adwala. Kukangana kunacitikadi, matenda anabweradi pambuyo pace, koma liu lakuti "pambuyo pace" ndi losiyana ndi liu lakuti "cifukwa cace". Tambala amalira dzuwa lisanatuluke, koma siye amaliturutsa. Woganiza bwino afunse kuti ndi kangati agogowo anakangana ndi anthu popanda wodwala, ndi ana angati anadwala mwezi womwewo m'nyumba zimene sizinakangane ndi munthu. Pa mfundo yofooka cotere okalamba ena athamangitsidwa m'midzi yao. Lamulo la Witchcraft Act, limene linakhazikitsidwa mu 1914 ndipo likali m'mabuku a malamulo a Zambia, limaika mlandu pa munthu woloza mnzace kuti ndi mfiti.

Kuti zioneke mmene mfundo yofuna gwero imamangidwira mosamala, nkoyenera kukamba za nthenda ya kolera, imene dziko la Zambia linalimbana nayo kwambiri mu 2023 ndi 2024. Lero mwana wa sukulu amadziwa kuti kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa, koma mu 1854 akuluakulu a zaumoyo ku London ankakhulupirira kuti imayenda mu mpweya wonunkha, monga ankanenera za malungo. Kumapeto kwa August caka cimeneco nthendayi inabuka m'dera la Soho, ndipo m'masiku khumi anthu oposa 500 anali atamwalira. Dokotala wina, John Snow, ankaganizira madzi a pa pampu ya mumseu wa Broad Street. Iye sanangonena maganizo ace. Anatenga mndandanda wa anthu 83 amene anamwalira m'masiku oyamba nayendera nyumba zao, ndipo anapeza kuti pafupifupi onse ankakhala kufupi ndi pampuyo.

Zimenezo pa zokha sizinali zokwanira, ndipo Snow anadziwa. Otsutsa akanayankha kuti anthu oyandikana ndi pampu amapumanso mpweya umodzi, cotero kuyandikana sikusankha pakati pa madzi ndi mpweya. Iye tsono anafunafuna dala nkhani zimene zikanagwetsa mfundo yace. Mwa akufa aja, khumi ankakhala kufupi ndi mapampu ena. Atafunsa, mabanja a asanu mwa iwo anati ankatunga ku Broad Street cifukwa cokonda madzi ace, ndipo atatu anali ana amene sukulu yao inali pafupi ndi pampuyo. Anayang'ananso amene anali pakati pa mliri koma osafa. M'nyumba yosungiramo amphawi ya mu Poland Street munali anthu 535, koma anamwalira asanu okha, ndipo nyumbayo inali ndi citsime cace. Anchito oposa 70 a pa fakitale yofulula mowa mumseu womwewo wa Broad Street sanafe ndi mmodzi yemwe, ndipo iwo sankamwa madzi a pa pampu. Onsewa ankapuma mpweya wa Soho. Ndipo kutali ku Hampstead, kumene kunalibe mliri, mai wina wamasiye anamwalira ndi kolera. Snow anapeza kuti maiyo ankakonda madzi a ku Broad Street kotero kuti ankamubweretsera m'botolo pa ngolo. Opuma mpweya osamwa madzi anapulumuka, womwa madzi osapuma mpweyawo anafa.

Pa 7 September Snow anakaonekera pamaso pa akuluakulu a deralo, ndipo m'mawa mwace cogwirira ca pampu cinacotsedwa. Imfa zinacepa, koma iye mwini sanatenge kucepako ngati umboni womaliza, pakuti anavomera kuti mliri unali utayamba kale kutsika popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Anakana kugwiritsa nchito mfundo ya "pambuyo pace" ngakhale pamene inali kumukomera.

Akuluakulu a bungwe la zaumoyo sanakhutire, ndipo m'lipoti lao la 1855 anakhalabe pa mpweya. Koma m'deralo munali mbusa wacinyamata, Henry Whitehead, amene ankadziwa mabanja ambiri a kumeneko ndipo nayenso poyamba sanakhulupirire Snow. Iye anayenda khomo ndi khomo ndi colinga cogwetsa mfundoyo, kufunsa amene anamwa madzi a pa pampu ndi amene sanamwe, ndipo mayankho amene anasonkhanitsa anamutembenuza. Ndiye amene anapeza cimene cinali kusowa: khanda la pa nyumba nambala 40 mu Broad Street linadwala m'mimba mliri usanabuke, ndipo madzi ocapira matewera ace ankatayidwa m'dzenje la zonyansa la pakhomopo. Atakumba, anapeza kuti dzenjelo linali losakwana mita imodzi kucokera pa citsime ca pampu, ndipo njerwa zace zinali zitaphwanyika moti zonyansa zinkadontha kulowa m'madzi. Snow anamwalira mu 1858 akuluakulu ambiri asanavomere mfundo yace, ndipo kacirombo ka kolera kanadzatsimikizidwa ndi Robert Koch ku Calcutta mu 1884.